JAMES CLERK MAXWELL: MUNTHU AMENE ANAYESA MITUNDU NDI NGULI

M'magazini athu a caka cino ndafuna kukuuzani mbiri ya munthu wina wa ku Scotland amene anamwalira kale kwambiri, m'caka ca 1879. Dzina lake ndi James Clerk Maxwell. Ambiri a ife timamva dzinali m'phunziro la sayansi pokamba za magetsi ndi maginito, ndipo timaliopa cifukwa ca masamu ake obvuta. Koma ine ndasankha mbali yina ya nchito yake imene sichulidwa kawirikawiri, ndiyo ya mitundu ya maonekedwe a zinthu, monga kufiira, kubiriwira ndi cikasu. Munthu ameneyu anasonyeza ndi miyeso kuti mtundu wa cinthu ungathe kulembedwa ndi manambala atatu okha. Zithunzi zonse zimene timaona lero pa foni, pa kompyuta ndi pa wailesi ya kanema zatsamira pa nzeru imeneyi, ndipo cida cimene anayamba naco cinali ca masewera a ana, ndico nguli.

UBWANA WAKE

James anabadwa pa 13 June 1831 mu mzinda wa Edinburgh, m'nyumba ya nambala 14 pa mseu wa India Street. Atate ake, a John Clerk Maxwell, anaphunzira za malamulo, koma mtima wao unali pa makina, pa zomangamanga ndi pa ulimi. Amai ake anali a Frances Cay. Mlongo wake anamwalira ali khanda, conco James anakula ali mwana mmodzi yekha. Banja linasamuka kunka kumudzi, ku malo ao ochedwa Glenlair m'dera la Galloway, kumwera ca kumadzulo kwa Scotland. Kumeneko mwanayu sanali kupatsa anthu mpumulo ndi mafunso. Anali kufuna kudziwa m'mene loko amatsekera citseko, kumene mawaya a mabelu a m'nyumba apita, ndi kumene madzi a mumtsinje acokera. Asanakwane zaka zitatu anapeza kuti mbale ya citsulo yonyezimira ingathe kugwira kuwala kwa dzuwa ndi kukuponya pa khoma, ndipo anaitana makolo ake kuti adzaone.

Mphunzitsi wake woyamba anali amai ake, ndipo pofika zaka 8 anali kunena pamtima Salmo 119 lonse, limene liri ndi ndime 176. Koma mu December 1839 amaiwo anamwalira ndi nthenda ya khansa ya m'mimba. Atate ake analemba nchito mnyamata wina wa zaka 16 kuti azimphunzitsa pakhomo. Mnyamatayo anayesa James mwana wogona m'mutu, namamkoka makutu ndi kummenya. James sanadandaule kwa wina ali yense, kufikira abale a amai ake anazindikira okha. Mu November 1841 anamtumiza ku sukulu ya Edinburgh Academy, namakagona kwa azakhali ake a Isabella.

Ife amene tiri pa sukulu yogonera pompo tidziwa m'mene mlendo amalandiridwira. James anafika atabvala malaya ndi nsapato zimene atate ake anazikonza mwa nzeru zao, zolimba ndithu koma zacilendo, ndipo analankhula Cingerezi ca kumudzi. Anzake anamseka, namng'ambira malaya tsiku loyamba lomwelo, nampatsa dzina lakuti Daftie, ndilo kunena kuti kacitsiru. Dzinali linamkakamira zaka zambiri. Iye sanabwezere, koma anapitiriza zokonda zake. Ali ndi zaka 13 analandira mendulo ya masamu pamodzi ndi mphotho yoyamba ya Cingerezi, ndipo anapeza abwenzi awiri a moyo wake wonse, Lewis Campbell ndi Peter Guthrie Tait. Ali ndi zaka 14 anapeza njira yojambulira mizere yozungulira ngati dzira pogwiritsa nchito mapini ndi ulusi. Zimene analemba zinawerengedwa mu 1846 pamaso pa akuluakulu a bungwe la Royal Society of Edinburgh, koma anawerenga ndi Pulofesa James Forbes, popeza mwini wake anamuona kuti ndi wamng'ono.

Mu 1847 analowa Yunivesite ya Edinburgh, ndipo mu 1850 anapita ku Cambridge. Pa mayeso akuru a masamu a 1854 anakhala waciwiri, pambuyo pa Edward Routh, koma pa mayeso ena obvuta koposa a mphotho ya Smith awiriwo analingana.

NGULI YA MITUNDU

Kuti timvetse cimene Maxwell anacita, tiyambe taona zimene anthu anadziwa iye asanabadwe. Isaac Newton anasonyeza kuti kuwala koyera kwa dzuwa kukapyola m'galasi la mbali zitatu kumagawika m'mitundu yonse ya utawaleza. Pambuyo pake, ca m'ma 1802, dotolo wina wa ku England dzina lake Thomas Young anaganiza kuti diso la munthu silingakhale ndi kanthu kapadera kolandirira mtundu uli wonse paokha, popeza mitundu ndi yosawerengeka. Iye anati m'diso muyenera kukhala zolandirira za magulu atatu okha, ndipo mitundu yonse timaiona malinga ndi m'mene magulu atatuwo agwedezekera. Anali maganizo abwino, koma panalibe amene anawatsimikiza ndi miyeso, ndipo anangokhala m'mabuku zaka makumi asanu.

Panalinso cina cosokoneza. Wopaka utoto ali yense adziwa kuti utoto wabuluu ukasanganizidwa ndi wacikasu pamaturuka wobiriwira. Cifukwa ca ici anthu anakhulupirira kuti makolo a mitundu yonse ndiwo kufiira, cikasu ndi buluu. Koma pamene Forbes ndi Maxwell anaika pepala labuluu ndi lacikasu pa nguli ndi kuizunguza, sipanaturuke kubiriwira ai, koma mtundu wotuwa wofiirira pang'ono. Cifukwa cake ndi ici. Utoto umameza mbali yina ya kuwala ndi kubweza yotsalayo. Mukasanganiza utoto uwiri, uli wonse umameza gawo lake, ndipo diso limalandira cokhaco cimene capulumuka kwa onse awiri. Kumeneko ndi kucotsera. Koma pa nguli palibe cimezedwa ndi cinzake. Kuwala kwa pepala ili ndi kwa pepala ilo kumafika m'diso motsatizana msangamsanga, kotero kuti diso limakuphatikiza. Kumeneko ndi kuonjezera. Pa kuonjezera, mitundu itatu yoyenera kuyambira ndiyo kufiira, kubiriwira ndi buluu, ndipo codabwitsa n'cakuti kufiira ndi kubiriwira zikakomana zimabala cikasu.

Nguli ya Maxwell inali yathyathyathya pamwamba ngati mbale. Iye anadula mapepala a mitundu mozungulira, nang'amba liri lonse kucokera m'mphepete kufika pakati, kuti athe kulowetsana. Motero anali kutha kukuza kapena kucepetsa gawo loonekera la pepala liri lonse. M'mphepete mwa nguli analembamo magawo 100 olingana. Kunja anaika mapepala akuru atatu, lofiira, lobiriwira ndi labuluu, ndipo pakati anaika mapepala ang'ono a mtundu umene anafuna kuuyesa. Akazunguza nguli anali kuyerekeza mtundu wa kunja ndi wa pakati. Akaona kuti zasiyana anali kuimitsa, kusuntha mapepala pang'ono, ndi kuzunguzanso, kufikira nguli yonse ioneke ya mtundu umodzi. Pamenepo anali kuwerenga magawo ndi kulemba.

Nayi imodzi ya miyeso yake. Magawo 37 ofiira, 27 abuluu ndi 36 obiriwira anaoneka cimodzimodzi ndi magawo 28 oyera osanganiza ndi 72 akuda. Taonani anzanga kuti mbali zonse ziwiri zikwana 100. Apa mtundu wasanduka samu imene munthu angathe kuilemba m'kalata ndi kutumiza kwa mnzake wa kutali, mnzakeyo n'kupanga mtundu womwewo osauona. Maxwell anaitana anthu ambiri kudzayang'ana nguli yake, ndipo anapeza kuti a maso abwino anali kupereka manambala ofanana ndithu. Anayesanso anthu amene satha kusiyanitsa kufiira ndi kubiriwira, napeza kuti iwo akhutira ndi mitundu iwiri yokha poyerekeza, monga ngati gulu limodzi la zolandirira m'maso mwao likusoweka. Uwu unali umboni wamphamvu wakuti Young ananena zoona. Zonsezi anazipereka kwa a Royal Society of Edinburgh mu March 1855, ali ndi zaka 23.

KU ABERDEEN NDI KU LONDON

Mu April 1856 atate ake anamwalira, ndipo caka comweco anayamba nchito monga pulofesa pa Marischal College ku Aberdeen, ali ndi zaka 25. Ali kumeneko anabvutika zaka ziwiri ndi funso la mikombero imene izinga dziko la Saturn. Anasonyeza ndi masamu kuti mikomberoyo singakhale cinthu cimodzi colimba, ndiponso singakhale yamadzi, cifukwa ikadasweka kale. Iyenera kukhala tizidutswa tosawerengeka, kali konse kakuzungulira pakokha. Analandira mphotho ya Adams ya £130 mu 1857, ndipo zombo za m'mlengalenga zochedwa Voyager zitafika kumeneko mu 1980 ndi 1981 zinatsimikiza mau ake.

Mu June 1858 anakwatira Katherine Mary Dewar, mwana wa mkuru wa kolejiyo. Sanakhale ndi ana. Mu 1860 makoleji awiri a ku Aberdeen anaphatikizidwa, ndipo popeza sipanafunike mapulofesa awiri a phunziro limodzi, amene anacotsedwa anali Maxwell. Anafunsira malo ku Edinburgh, koma anapatsa bwenzi lake Tait. Caka comweco anadwala nthomba, natsala pang'ono kufa, ndipo anamdwazika ndi mkazi wake. Atacira anayamba nchito pa King's College ku London.

Mabvuto onsewa sanamleketse za mitundu. Iye anaona kuti mapepala sapereka mtundu weniweni wosasanganiza, conco anapanga bokosi lalitali lokhala ndi magalasi a mbali zitatu ndi timipata toti n'kukuza ndi kucepetsa, kuti asanganize kuwala kwa utawaleza kumene. Katherine anali kumthandiza poyang'ana m'bokosimo ndi kulemba miyeso. Ku London anaika bokosi lina lakuda, lotalika pafupi mapazi 8, pa zenera la cipinda ca pamwamba, ndipo anansi ao anaganiza kuti munthuyu wapenga, poona kuti akutha maola ambiri akusuzumira m'bokosi la maliro. Koma a Royal Society ya ku London anampatsa mendulo ya Rumford mu 1860 cifukwa ca nchito imeneyi.

CITHUNZI CA 1861

Masiku amenewo zithunzi zonse zojambula ndi kamera zinali zakuda ndi zoyera. Maxwell anaganiza motere: ngati diso liona ndi magulu atatu, tijambule cinthu katatu, koyamba kupyolera m'cosefera cofiira, kaciwiri cobiriwira, kacitatu cabuluu. Cithunzi ciri conse cidzakhala cakuda ndi coyera, koma cidzasunga kuculuka kwa mtundu umodzi pa malo ali onse. Kenaka tiwalitse zithunzi zitatuzo pa nsaru imodzi ndi nyali zitatu, iri yonse ndi cosefera cake, ndipo mitundu idzabwerera.

Wojambula dzina lake Thomas Sutton ndiye anagwira nchitoyo. Anajambula riboni ya mandalasi ya anthu a ku Scotland, yomangidwa mfundo. Zosefera zake zinali timabokosi ta galasi todzaza madzi a mankhwala a mitundu. Pa 17 May 1861 Maxwell anaonetsa cithunzico pa Royal Institution ku London. Mitundu inaoneka, koma mofooka, ndipo iye mwini anabvomereza kuti mankhwala ojambulira sanali kumva bwino kufiira ndi kubiriwira. Anthu sanacite naco cidwi kweni-kweni, ndipo nkhaniyo inaiwalika kwa nthawi.

Patapita zaka 100, mu 1961, Ralph Evans wa ku kampani ya Kodak anafufuza za cithunzi cimeneci, napeza cinthu coseketsa. Mankhwala a Sutton sanali kumva kuwala kofiira mpang'ono pomwe, conco cithunzi cofiira sicikanayenera kuturuka konse. Cimene cinacitika n'cakuti utoto wofiira wa pa riboni unali kubwezanso kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kwa kuseri kwa buluu pa utawaleza, ndipo cosefera cofiira cinali kulola kuwala kumeneko kupyola. Motero malo ofiira anajambulika mwa mwai. Nzeru ya Maxwell inali yolondola, zida zokha ndizo zinali zisanafike. Mu 1873 Hermann Vogel wa ku Germany anapeza njira yocititsa mankhwala ojambulira kumva mitundu yina, ndipo kuyambira 1909 kufikira 1915 Sergei Prokudin-Gorsky anayenda m'dziko la Russia akujambula zithunzi zokongola za mitundu mwa njira yomweyi ya zosefera zitatu.

MAGETSI, MAGINITO NDI KUWALA

Nchito imene inamchukitsa koposa ndiichula mwacidule. Ku London anakomana ndi Michael Faraday, amene anapeza zambiri za magetsi ndi maginito koma sanali munthu wa masamu. Maxwell anaika maganizo a Faraday m'masamu, napeza kuti mphamvu ziwirizi zingathe kuyenda pamodzi ngati mafunde, pa liwiro la mailosi 193,088 pa sekondi imodzi. Liwiro la kuwala monga analiyesa Fizeau wa ku France linali mailosi 195,647. Poona kuyandikana kwa manambalawa, Maxwell ananena kuti kuwala nako ndi mafunde a magetsi ndi maginito. Mitundu imene anaiyesa pa nguli isiyana cabe pa kutalika kwa mafunde ake.

Mu 1865 anasiya nchito nabwerera ku Glenlair kukalemba mabuku. Anali mkuru wa mpingo pa chalichi ca kwao, ndipo anali kuyendera odwala a m'mudzimo. Mu 1871 anaitanidwa ku Cambridge kukayambitsa nyumba yoyeseramo za sayansi ya Cavendish, imene inatsegulidwa mu 1874. Mu 1879 anayamba kudwala m'mimba, ndipo pa 5 November anamwalira ndi nthenda yomwe inatenga amai ake, ali ndi zaka 48. Anaikidwa ku Parton, pafupi ndi kwao. Pa nthawiyo akatswiri ambiri anali asanakhulupirire za mafunde ake. Heinrich Hertz anawapanga ndi kuwayesa mu 1887 ndi 1888, mwini wake atagona kale m'manda, ndipo m'menemo ndimo munacokera wailesi.

MANAMBALA ATATU PA KOMPYUTA

Tsopano tione kumene nguli ija yatifikitsa. Cithunzi ca pa kompyuta cimapangidwa ndi timadontho tating'ono tondanda m'mizere, tochedwa mapikiselo. Galasi la kompyuta la mizere 1,080, mzere uli wonse wa timadontho 1,920, liri ndi mapikiselo 2,073,600. Mukaliyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu mudzaona kuti pikiselo iri yonse iri ndi tinyali titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Kompyuta imasunga manambala atatu a pikiselo iri yonse, onena kuwala kwa tinyali timeneto. Kawirikawiri nambala iri yonse imayambira pa 0, ndiko kuzima, kufika pa 255, ndiko kuwala kotheratu. Kufiira kweni-kweni ndi 255, 0, 0. Cikasu ndi 255, 255, 0. Kuyera ndi 255, 255, 255, ndipo kuda ndi 0, 0, 0. Mukacurukitsa 256 ndi 256 ndi 256 mudzapeza mitundu 16,777,216. Zithunzi zitatu za Sutton zija ziri momwemo m'cithunzi ciri conse ca pa foni, zangophatikizidwa pamodzi.

Koma manambala atatu sakwanira pa nchito yina. Tinene kuti tifuna kuika cizindikiro ca sukulu, cimene ciri cozungulira, pamwamba pa cithunzi ca osewera mpira. Kwa kompyuta cithunzi ciri conse ndi ca ngondya zinai. Tikangociika, cizindikiro cidzabwera ndi bokosi lake loyera lophimba nkhope za anthu. Tikadula bokosilo mwa kunena kuti pikiselo iyi ioneke, iyo isaoneke, m'mphepete mudzakhala manomano ngati a sowo, cifukwa mzere wokhota umadutsa pakati pa mapikiselo ena ndi kuwaphimba pang'ono cabe.

Ca kumapeto kwa 1977 anthu awiri a ku America, Ed Catmull ndi Alvy Ray Smith, akugwira nchito pa New York Institute of Technology, anatopa ndi kuwerengetsanso cithunzi conse nthawi iri yonse pamene anafuna kusintha ca kumbuyo kwake. Anagwirizana kuti pikiselo iri yonse izisunga nambala yacinai, yonena kuti pikiseloyo iphimba motani cimene ciri pansi pake. Anaicha alefa, cilembo coyamba ca Cigriki cimene timacimvanso m'buku la Cibvumbulutso, popeza ndico cinali kuimira nambalayo m'masamu ao. Alefa ikakhala 0 pikiselo siioneka konse, ikakhala 255 imaphimbiratu, ndipo ya pakati imalola za pansi kuonekera. Manambala anaiwa pamodzi amachedwa RGBA.

Samu yake ndi yapafupi. Tinene kuti pikiselo yofiira iphimba magawo 40 pa 100, ndipo pansi pake pali poyera. Titenga magawo 40 pa 100 a mtundu wa pamwamba, ndi kuonjeza magawo 60 pa 100 a mtundu wa pansi. Pa kufiira, 102 kuonjeza 153 ndi 255. Pa kubiriwira, 0 kuonjeza 153 ndi 153, ndipo pa buluu cimodzimodzinso. Yankho ndi 255, 153, 153, ndiwo mtundu wa pinki. Tsono taganizani za nguli yokhala ndi magawo 40 a pepala lofiira ndi magawo 60 a pepala loyera. Samu yake ndi yomweyi. Cimene Maxwell anali kucita ndi zala posuntha pepala lina pamwamba pa linzake, kompyuta imacicita pa pikiselo iri yonse.

Tisayese kuti alefa ifanana ndi galasi lofiira la pa zenera. Galasi lotere limameza kubiriwira ndi buluu, conco tsamba lobiriwira limaoneka lakuda kupyolera m'menemo. Alefa ifanana ndi masikito. Ulusi wake umaphimba gawo lina, mabowo ake amasiya gawo lina, ndipo munthu woimirira patali amaona mtundu wa ulusi utasanganizika ndi wa bulangete liri mkatimo. Thomas Porter ndi Tom Duff a ku kampani ya Lucasfilm anafotokoza alefa mwa njira yotere mu 1984, monga gawo la pikiselo limene laphimbidwa. Iwo anasonyezanso kuti nkwabwino kucurukitsiratu mitundu ndi alefa musanasunge. Pikiselo yathu yofiira ija ingasungidwe monga 102, 0, 0 ndi alefa 102. Potero nchito ya kuwerengetsa imacepa, ndiponso pikiselo yosaoneka sikhala ndi mtundu wobisika umene ungadzaturukire m'mphepete pocepetsa cithunzi. Zithunzi za mtundu wa PNG, umene unakhazikitsidwa mu 1996, zimatha kusunga alefa, koma za JPEG sizitero. N'cifukwa cake cizindikiro cosungidwa monga JPEG cimabwera ndi bokosi lake loyera.

CIMENE NDAPHUNZIRAPO

Maxwell sanaone kompyuta, ndipo alefa sanaipange ndiye. Ulemu wa zimenezo upite kwa eni ake. Koma nambala yacinai sikadakhala ndi poima pakadapanda zitatu zoyambazo, ndiponso pakadapanda umboni wakuti kuwala kumasanganizika mwa magawo amene munthu angathe kuwawerenga. Ngakhale magulu atatu a m'diso aja anayesedwa mwacindunji m'zaka za m'ma 1960, napezeka kuti alipodi.

M'mbiri imeneyi ndaonamo zinthu ziwiri zotikhudza ife. Coyamba, mnyamata amene anzake anamucha kacitsiru cifukwa ca nsapato ndi kalankhulidwe ka kumudzi ndiye amene Albert Einstein anapacika cithunzi cake pa khoma, pamodzi ndi ca Newton ndi ca Faraday. Caka ndi caka kumabwera anzathu atsopano a Fomu 1 ndi zobvala zao ndi malankhulidwe a kwao, ndipo tisanawapatse maina tizikumbukira zimenezi. Caciwiri, anthu ambiri anazunguzapo nguli za mitundu iye asanatero, koma iye analemba magawo 100 m'mphepete ndi kusunga manambala. Ife timadandaula kuti zida za sayansi n'zocepa pa sukulu, ndipo nzoona, koma za kuyesa uku tiri nazo. Dulani katoni mozungulira, lembani magawo 100 m'mphepete, bayani pensulo pakati, ndipo ikanipo mapepala awiri ong'amba kufika pakati, lofiira ndi lobiriwira. Zunguzani panja pa dzuwa, musinthe magawo pang'ono pang'ono, ndi kulemba nambala imene kufiira kwathera ndi cikasu cotuwa cayambira. Mukatero muyerekeze nambala yanu ndi ya mnzanu wokhala naye desiki limodzi.